Nkhope ya Kuseri kwa Phewa la a Ezekiele

Pa Lisungwi panalibe munthu amene sanamvepo za Gerishon wa situdiyo. Chaka cha 2003 chija anagula kompyuta yakale kwa mphunzitsi wina wa ku Blantyre, ndipo mphunzitsiyo anamuikiramo pulogalamu yokonzera zithunzi, yaulere, yoti aliyense angathe kukopera mnzake popanda womufunsa. Ndi pulogalamu imeneyi Gerishon anaphunzira luso limene linautsa mudzi wonse: kuchotsa zonse za kumbuyo kwa munthu pa chithunzi, munthuyo n'kutsala yekha. Pamene panali mpanda wakugwa kapena mbuzi za aneba pankangotsala timabokosi toyera ndi totuwa ngati bolodi ya dirafuti. Timabokosito tinkatanthauza kuti pamenepo palibe kanthu, ndipo Gerishon ankaikapo chilichonse chimene mwini chithunzi wafuna. Anthu oti sanadutsepo pa Zalewa anayamba kuoneka ataima patsogolo pa nyumba zosanja za ku Joni, ena atatsamira galimoto zimene ngakhale dzina lake sankalidziwa.

Koma kunyumba Gerishon sanali bwana ayi, anali mkamwini. Kwawo kunali kumapiri, cha ku Nsambe. Anakwatira Yunike m'mudzi wina pafupi ndi Lisungwi, namanga nyumba pamalo a kuchikazi monga mwa mwambo. Malowo, munda ndi ana awo awiri, zonse zinali za kwa Yunike. Mkamwini akalakwa amangopinda bulangete lake n'kuona msewu. Apongozi ake, a Stelia, anali munthu wosunga mwambo mpaka kutopetsa. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwatiwo sanakhalepo pafupi ndi mkamwini wawo, ndipo sanamuyang'anepo kumaso. Akakumana panjira, uyu ankalowera kutchire la kumanja, awo la kumanzere, moni n'kumapatsana atafulatirana. Anzawo ankawaseka kuti zimenezo zinapita ndi chipani chimodzi, koma a Stelia ankangoti ulemu suvoteredwa.

Ndiye mungamvetse mmene Gerishon anadzidzimukira m'mawa wina wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuwotcha malata, atamva odi wa apongozi ake pakhomo la situdiyo. Anadzambatuka pampando, natembenukira kukhoma. A Stelia sanalowe. Anakhala pansi pakhomo penipeni, natambasula miyendo, nkhope italoza kumsewu.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero Gerishon, akuyang'ana khoma.

"Ndadzuka, kaya inu abambo a Takondwa," anayankha a Stelia, akuyang'ana msewu. "Ndabwera ndi ntchito. Chiliza cha abambo ake a Yunike tikuvundukula Loweruka likudzali. Ndikufuna nkhope yawo ikhale pa mapepala a mwambowo."

Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kachithunzi kokutidwa m'pulasitiki, nakakankhira m'kati ndi zala.

"Chithunzi chawo ndi chomwechi basi. Anajambulitsa pamsika, kumbuyoko kuli piringupiringu. Muwachotse pamenepo, muwaike patsogolo pa tchalitchi. Munthuyu anali mkulu wa mpingo."

Gerishon anatola chithunzicho ndi manja awiri. Apongozi ake aamuna, a Ezekiele, anali asanawaonepo ngakhale pa pepala. Chimene anauzidwa polowa m'banjamo n'choti anamwalira ndi chifuwa mu 1991. Pa chithunzipo panali bambo wa shati yoyera, akumwetulira, atagwira njinga yatsopano yokhala ndi dengu la manachesi pakaliyala. Kumbuyo kwawo kunali anthu ambirimbiri, ang'onoang'ono ngati nyerere.

Analiza jenereta, naika chithunzicho pa sikana. Ntchito imeneyi ankaikonda, ndipo ankaigwira modzitama. Choyamba umauza pulogalamuyo kuti ilole malo opanda kanthu, apo ayi pamene wafufutapo pamatsala poyera ngati laimu. Kenako umakuza chithunzicho kwambiri, n'kumatsata m'mphepete mwa munthuyo pang'onopang'ono, monga mmene umasendera mbatata osafuna kutaya mnofu. Anayambira kumatayala a njinga. Masipoko anamudyera nthawi. Anakwera ndi mkono wa a Ezekiele, nafika paphewa. Pamenepo anakuza chithunzicho kasanu ndi katatu kuti asadule kolala ya shati.

Kuseri kwa phewalo kunatulukira chingwe chomangidwa pachipata cha msika. Pachingwepo panaima anyamata anayi ovala malaya ofiira. Atatu ankayang'ana kwina. Wachinayi anali ndi ndodo m'manja, ndipo ankayang'ana kamera mwachindunji, chibwano chili m'mwamba. Khutu lake lamanzere linali loduka pamwamba.

Dzanja la Gerishon linachoka lokha pa mausi, nilikagwira khutu lake lamanzere, pamene galu anamuluma ali ndi zaka zisanu.

Tsikulo linamubwerera lonse. Unali msika wa ku Ligowe, iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ntchito yawo inali kuima pachingwe n'kumafunsa khadi la chipani kwa aliyense wolowa kapena kutuluka. Bambo wa manachesi uja anapisa m'thumba, natulutsa kapepala konyenyeka, nati, "Mwana wanga, khadi lija amayi akunyumba anachapira limodzi ndi shati." Ananena akuseka pang'ono. Kusekako n'kumene kunawapsetsa mtima. Anamukokera kuseri kwa shedi ya nyama. Enawo anangomuwomba makofi. Koma Gerishon, pofuna kuti mkulu wawo amuone kuti ndi mwamuna, anamugwetsa ndi ndodo, namudumphira pachifuwa ndi nsapato za jombo, kawiri. Atatha anakhala pamthunzi n'kudya manachesi aja. Dzina la bamboyo sanalifunse. Zinthu zitatembenuka mu 1993 anathawira ku Mozambique, nakhalako zaka zingapo. Pobwera anali ndi ndevu ndi kamera, ndipo kumapiri sanafune kubwererako.

Mantha anamugwira. Munthu amene anamuponda uja anali bambo wa mkazi wake, agogo a ana ake, ndipo mkazi wa munthuyo anali atakhala mapazi asanu kuchokera pamene iye anali. Anagwira mausi, nayamba kufufuta. Chingwe chinapita. Malaya ofiira anapita, limodzi limodzi. Nkhope ya khutu loduka anaidutsa katatu ngakhale inali itapita kale ulendo woyamba. Posakhalitsa a Ezekiele anatsala okha ndi njinga yawo pakati pa timabokosi. Anawaika patsogolo pa tchalitchi, nasindikiza, nakankhira pepalalo kukhomo pamodzi ndi kachithunzi kaja.

A Stelia analiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndi iwowo," anatero. "Mwagwira ntchito."

Gerishon anapumira m'mwamba, nayamba kuthokoza Mulungu chamumtima. Anathokoza msanga.

"Kodi abambo a Takondwa," anatero a Stelia, "anthu mwawachotsa aja apita kuti?"

"Afufutika, mayi. Kulibe kumene apita."

"Pa changachi alipobe." Anagogoda kachithunzi kaja ndi chala. "Inu ndinu mwana wa m'nyumba tsopano, ndikuuzeni zoona. Sichinali chifuwa chija. Tinkanena choncho chifukwa nthawi imeneyo pakamwa pankaphetsa. Anapita ku Ligowe kukapikula manachesi. Anabwera pa lole atagona, akulavula magazi. Anatha masiku asanu ndi limodzi. Asanatsirizike anandiuza kuti enawo anangowamenya makofi, koma amene anawaponda pachifuwa ndi kamnyamata kamene kanali ndi ndodo. Chithunzichi anajambulitsa m'mawa wa tsiku lomwelo, pokondwera ndi njinga. Wojambulayo anadzatipatsa maliro atapita. Ndinachikwirira m'chitini kuseri kwa nkhokwe, ngakhale Yunike sanachionepo. Chaka ndi chaka ndimachifukula n'kumakayang'ana kamnyamatako, koma kankhope kake n'kochepa ngati njere ya mapira."

Jenereta inkalira panja.

"Ndamva kuti makina anuwa amakuza zinthu," anapitiriza a Stelia. "Muchite monga mwachitira apa, koma motembenuza. Muchotse ena onse, mundisiyire wa ndodoyo. Alamu anu akuti chiliza sichivundukulidwa asanamudziwe. Mlandu suola."

Alamu akewo anali Sosten ndi William, alongo ake a Yunike, amene ankapha mbuzi n'kumagulitsa nyama pamsika wa Lisungwi. Anali anthu oseka, koma mwezi wapitawo, wakuba atagwidwa pamsikapo, Gerishon anaona ndi maso ake William akugubuduza tayala kupita kumene kunali chikhamucho. Apolisi anafika utsi utatha kale.

"Mayi," anatero Gerishon, mawu akutuluka opyapyala, "kanthu kakang'ono chonchi mukakakuza kamangooneka mbuu."

"Yesani."

"Komanso mafuta a jenereta..."

"Yesani, abambo a Takondwa."

Mkamwini sakangana ndi apongozi. Gerishon anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa leveni koloko, ndipo Yunike ankabwera ndi chakudya dzuwa likafika paliwombo. A Stelia ankachidziwa chithunzicho koma nkhope ya mkamwini wawo sankaidziwa. Yunike ankaidziwa nkhopeyo kuposa yake yomwe, koma chithunzicho anali asanachione. Moyo wonse wa Gerishon unali pa chinthu chimodzi, chakuti awiriwa asakumane pakhomo limeneli ntchitoyi isanathe.

Anatsegulanso chithunzi choyamba chija. Ulendo uno anafufuta a Ezekiele, kuyambira kumwetulira kwawo mpaka njinga. Anafufuta anzake atatu aja. Kenako anayamba kutsata m'mphepete mwa thupi lake lomwe, phewa, khosi, chibwano chonyadacho. Ntchito imene ankaigwira akuimba mluzu, lero ankaigwira mano ali gwegwegwe. Mnyamatayo anatsala yekha pakati pa timabokosi, wopanda msika, wopanda chingwe, wopanda mkulu womutuma. Ankangooneka munthu ndi ndodo yake.

Apa m'pamene Gerishon anachita zaukathyali. Anatapa khungu la patsaya, nalimata pakhutu mpaka linakhala lathunthu. Anatambasula mphuno pang'ono, nakweza mphumi, napaka nkhope yonse kachifunga kuti isaoneke bwino. Anasindikiza, nakankhira pepalalo kukhomo. Mumtima ankati apongozi ayang'ana, alephera, apita.

A Stelia analitalikitsa pepalalo, nalibweretsanso pafupi ndi maso. Anapendeketsa mutu. Kenako anaomba m'manja kamodzi, pang'onopang'ono.

"Ndinkadziwa ine," anatero motsitsa mawu. "Mtima wanga sunama. Uyu ndi Jailosi."

"Jailosi uti, mayi?"

"Wokonza njinga uyo. Si kwawo ku Ligowe? Taonani mphunoyi. N'chifukwa chake akandiona amazolika."

Gerishon anasuzumira pazenera. Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa bwemba, Jailosi anali ataviika chubu m'beseni la madzi kufunafuna pobooka, uku akuseka ndi mwini njingayo. Anali munthu wa mwendo wopuwala chibadwire, bambo wa ana asanu, ndipo Gerishon ankadziwa bwino lomwe kuti malaya ofiira sanawavalepo. Kuzolikako kunali ulemu chabe. Mphuno imene inkamupachikayo anali ataipanga Gerishon ndi mausi mphindi zisanu zapitazo.

A Stelia anapinda pepalalo, nayamba kusonkhanitsa miyendo kuti adzuke.

"Ndikawaonetse alamu anu asanatseke nyama."

Tisamukometsere Gerishon, anaganiza zowasiya apite. Anaganiza ndithu, ndipo ganizolo linamukomera ngati madzi ozizira. Akanangokhala chete, pofika madzulo nkhani ikanatha, chiliza chikanavundukulidwa, iye akanaimba nawo nyimbo pamandapo atanyamula Takondwa. Koma maso ake anakana kuchoka pa mtengo wa bwemba uja. Matayala akale anali ataunjikidwa pomwepo, kumbuyo kwa Jailosi, ndipo munthu wa mwendo wopuwala sathawa. Gerishon anaona kuti akufuna kupondanso munthu wachiwiri pachifuwa, ulendo uno osadetsa n'komwe nsapato.

"Mayi, dikirani."

A Stelia anaima chogwada.

"Makina analakwitsa. Nkhope imeneyo si yeniyeni, yasokonekera pokuza. Musapite nayo."

"Nanga yeniyeniyo ili kuti?"

Gerishon anawerengera msanga. Akasindikiza yeniyeniyo, pepala lipita kumsika, ndipo alamu ake khutu lake ankaliona tsiku ndi tsiku. Koma a Stelia okha akaona pa kompyuta pomwepo, aona mlendo. Jailosi apulumuka, iyenso apulumuka.

"Inki yatha, mayi. Ndikutembenuzirani galasili, muonere pomwepo."

Pulogalamu ija inali ndi batani lobweza m'mbuyo zimene wachita. Analidina. Chifunga chinachoka. Analidinanso, mphumi inatsika, mphuno inabwerera m'malo mwake. Anapitiriza kudina, ndipo khungu lomata lija linayamba kuchoka pakhutu pang'onopang'ono mpaka khutulo linadukanso. Ananyamula galasi la kompyutalo, lolemera ngati thumba la chimanga, nalilozetsa kukhomo. Iye anakaima pakona, nkhope kukhoma, khutu lamanzere atalibisa kumbali ya kabati.

Gerishon ankamva kupuma kwa apongozi ake, kolemera, kwa munthu amene akuyang'ana chinthu chimene wachidikira zaka khumi ndi ziwiri.

"Uyu si Jailosi," anatero a Stelia pomaliza. Mawu awo anali otopa. "Mulungu andikhululukire, ndikanaphetsa mwana wa eni. Uyu ngwakhutu loduka. Kamwana ndithu, kosayamba n'kumeta komwe. Sindinamuonepo munthu ameneyu."

Anang'amba pepala labodza lija pakati, naliponya m'kati.

"Mwina anafa kale," anatero Gerishon kukhoma. "Ambiri a iwo anathera ku Mozambique."

"Mwina."

Gerishon anaona kuti wapulumuka. Anangotsala ndi ntchito imodzi, kutambasula dzanja n'kuzimitsa kompyutayo. Koma kuti afike pa batani anayenera kudutsa pamaso pa apongozi ake, ndipo iwo anali asanachotse maso pagalasipo. Anadikira kuti ayang'ane kumsewu. Anawerenga mumtima mpaka khumi, nayambiranso.

"Odi kuno," anamveka mawu a Yunike panja. "Amayi, muli kuno? Ndinakufunani kunyumba."

Anali atafulumira tsiku limenelo. Anaima kumbuyo kwa mayi ake, kontena ya chakudya ili m'manja, mwana wamng'ono ali kumbuyo. Anasuzumira m'kati kufuna mwamuna wake, koma chimene anayamba kuona ndi galasi lija, litamuloza. Anaseka, kuseka kokoma kwa mkazi amene wapeza chomunyogodolera mwamuna wake.

"Abambo a Takondwa, chithunzi chanu cha paunyamata mwachipeza kuti? Paja mumati munalibe. Koma ndiye munali owonda, khosi ngati la nkhuku. Amayi, mwawaona apongozi anu opanda ndevu? Khutulo ndiye ndi lomweli."

Kuseka kwa Yunike kunazilala pang'onopang'ono.

Gerishon sanatembenuke, koma anamva chitenje chikukhwekhwereza pasimenti. A Stelia anali kutembenuka, kusiya galasi lija, kuloza kukona kumene iye anaima.

"Abambo a Takondwa," anatero. "Tembenukani."

Anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire anaona maso a apongozi ake. Anali maso ang'onoang'ono, ofiira m'mbali, ouma. Sanamuyang'ane kumaso nthawi yaitali. Anapita pakhutu, nabwerera pagalasi, napitanso pakhutu. Gerishon anatsegula pakamwa kuti anene kuti anali mwana, kuti anatumidwa, kuti dzina sankalidziwa. Koma anangopezeka atagwada.

"Yunike," anatero a Stelia, osakweza mawu, "ika chakudyacho pansi. Pita kumsika ukaitane alongo ako. Uwauze asiye nyamayo, abwere onse awiri."

"Kwagwanji, amayi?"

"Pita."

Yunike anayang'ana mwamuna wake ali chigwadire, nayang'ana mayi ake. Anaika kontena ija pansi mosamala, ngati ingasweke. Mapazi ake anamveka akupita, poyamba akuyenda, kenako akuthamanga.

Gerishon anayang'ana zenera. Linali ndi zitsulo zolimba zimene anaikitsa yekha kuopa akuba kompyuta. Khomo la situdiyoyo linali limodzi, ndipo a Stelia anatambasulanso miyendo yawo pomwepo.